Kukayenda pa damu la Mulunguzi m'phiri la Zomba ulibe galimoto

Funso: Ndimakhala ku Bangwe. Ine ndi anzanga anayi a kuntchito tikufuna tikayende m'phiri Loweruka lina, ndipo tinamva kuti pamwamba pa phiri la Zomba pali damu lokongola. Tilibe galimoto, tidalira minibasi. Kodi n'zotheka kupita ndi kubwerako tsiku lomwelo? Njira zake ndi ziti? Nanga ife amene sitinakwerepo phiri chibadwire tingakwanitse?

Yankho: N'zotheka mayi, ndipo mungakwanitse. Ndakwera phiri limeneli kwa zaka zambiri, nthawi zina ndekha, nthawi zina ndi magulu a anthu amene anali asanapondepo phiri, ndipo amene ndinawaona akuvutika sanali ofooka miyendo ayi. Anali amene anawerengera nthawi molakwika. Choncho zambiri zimene ndikuuzeni zikukhudza nthawi.

Choyamba dziwani kuti minibasi sikwera phiri. Idzakutulani m'tauni, kumunsi, ndipo damu lili pamwamba. Tauni ya Zomba ili pa mamita pafupifupi 900 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene dera la hotela ya Ku Chawe ndi damu lili pa mamita pafupifupi 1,500. Mamita 600 otsalawo ndi a miyendo yanu, kapena a njinga yamoto, kapena a takisi. Ambiri akamva kuti "damu la ku Zomba" amaganiza kuti akatsika pa depoti adzaliona poteropo.

Kuchokera ku Limbe kukafika ku Zomba ndi makilomita opitirira pang'ono 60 mu msewu wa M3, kudzera pa Njuli, Namadzi ndi Thondwe. Galimoto yaing'ono imangoyenda ola limodzi, koma minibasi muiwerengere ola ndi theka kapena maola awiri, chifukwa iyambe yadzaza kaye, kenaka izitsitsa ndi kukweza anthu m'njira monse, ndipo mukakumana ndi tsiku la msika pa Thondwe mudzaimapo ndithu. Ine ndingati 6 koloko m'mawa ikupezeni muli kale m'minibasi ku Limbe. Musakwere yopanda anthu chifukwa choti oitanira akuti inyamuka pompano. Kwerani imene yatsala pang'ono kudzaza, ngakhale mukhale mopanikizana. Poti muli asanu, inuyo ndi amene mudzaidzazitse. Mukatero 8 koloko idzakupezani ku Zomba, ndipo mudzakhala ndi maola pafupifupi asanu ndi atatu oti muchite nawo zonse, chifukwa pofika 4 koloko madzulo muyenera kukhala mutatsika. M'miyezi ya June ndi July dzuwa limalowa cha m'ma hafu pasiti 5, ndipo poti tauniyo ili kunsi kwa phiri, mthunzi umafika msanga kuposa pamenepo.

Tsono pali njira ziwiri zofikira pamwamba, ndipo apa ndi pamene muyenera kusankha.

Yoyamba ndi imene alendo amaitcha Potato Path. Dzinali linabwera chifukwa anthu olima mbatata ya kachewere kumtunda ankatsikira m'menemo popita nayo kumsika. Si njira imene inalambulidwira alendo. Ndi njira ya anthu ogwira ntchito, ndipo mpaka lero mudzakumana ndi amayi atasenza mitolo ya nkhuni yaitali kuposa msinkhu wawo, ndi anyamata atanyamula matabwa pamutu, akutsika mothamanga chifukwa katunduyo salola kuti munthu aime pamalo otsetsereka. Mukawaona, patukani ndinu, msanga, ndipo muwapatse moni. Wosenza katundu sangakhote, ndipo thabwa likamatembenuka limasesa chilichonse chili pambali. Njirayi ndi yachidule koma ndi chikweza chenicheni. Munthu wozolowera amakwera ola limodzi ndi theka. Inu oyamba kumene werengerani maola awiri kapena kuposerapo, mukupumira. Ili ndi timphambano tambiri ta otola nkhuni, kotero musailowe opanda wokutsogolerani.

Yachiwiri ndi msewu wa tala umene umakwera mokhotakhota mpaka ku Ku Chawe, makilomita pafupifupi 10. Pa msewu umenewu mumayenda matakisi ndi njinga zamoto za kabaza. Anthu asanu mukhoza kusonkherana takisi imodzi kapena ziwiri, ndipo mugwirizane mtengo musanakwere, komanso mutenge nambala ya dalaivalayo kuti mwina madzulo mudzamufune. Mukasankha njinga zamoto, funsani chipewa chodzitetezera, ndipo musalole kukwera awiri pa njinga imodzi. Msewuwu uli ndi makona akuthwa ndi maphompho m'mbali.

Mukandifunsa ine, pa ulendo woyamba kwerani pa takisi, mukayende pamwamba mphamvu zikadalipo, kenaka mutsike wapansi ngati mawondo akulola. Ndikudziwa kuti ena adzati kumeneko si kukwera phiri. Koma zimene mwanyamukira ku Bangwe zili pamwamba, ndipo ndaona magulu ambiri atafika ku Ku Chawe 11 koloko ali wefuwefu, madzi atatha, n'kungoliona damu patali, kujambulitsa chithunzi, basi n'kuyamba kutsika. Potato Path idzakudikirani ulendo wachiwiri.

Damu lenilenilo lili pafupi ndi Ku Chawe, kungotsetserekera pang'ono. Linamangidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 pa mtsinje wa Mulunguzi, ndipo limasunga madzi opitirira ma kiyubiki mita 3 miliyoni likadzaza. Amaliyang'anira ndi a Southern Region Water Board, chifukwa madzi amenewa ndi amene amamwa anthu a mumzinda wa Zomba: ophunzira a ku yunivesite, odwala a kuchipatala chachikulu, asilikali, mabanja a ku Chinamwali, Matawale, Chikanda ndi kwina konse kumene mipope imafika. Poti damu lili pamwamba, madziwo amatsika okha ndi mphamvu ya kutsetsereka kwa phiri. Ndikunena zimenezi chifukwa zimasintha mmene munthu amayendera pamalopo. Musasambemo, musachapiremo, musataye botolo kapena pepala la pulasitiki m'mphepete mwake, ndipo wofuna kudzithandiza apite kutali ndi madzi ndiponso kutali ndi timitsinje tothira m'damumo. Kupatula za ukhondo, madzi ake ndi ozizira kwambiri ndi akuya, ndipo m'mbali mwake mumatsetsereka mwadzidzidzi. Alonda akakuuzani pamene simuyenera kudutsa, mverani.

M'mawa kukakhala bata, mitengo ya paini ndi mapiri zimaonekera m'madzimo ngati pa galasi, ndipo nkhungu imakhala ikufuka pamwamba pake. Pa chifukwa chimenechi ndimakonda kuyambira padamu osati kuthera pamenepo, poti dzuwa likakwera kamphepo kamayamba ndipo galasilo limasweka. Kuyenda m'mbali mwa damu kuchokera ku khoma lake kukafika kumene mtsinje umalowera ndi kosavuta, ndipo ngakhale agogo olimba ndi ana a sukulu amayenda. Ola limodzi likukwanirani, mukuimaima.

Njira imene ndikufuna muitsate ndi ya m'mbali mwa mtsinje kukwera kumtunda. Mukachoka padamu mumafika pa mathithi a Mandala, amene ndi aang'ono koma okoma kukhalapo. Kupitirira apo pali malo amene ankawetera nsomba za trout, nsomba zimene azungu anabwera nazo chifukwa zimafuna madzi ozizira. Kenaka njira imalowa m'nkhalango yachilengedwe imene inatsala m'mphepete mwa mtsinje, ndipo apa ndikupemphani muchepetse liwiro ndi phokoso. Mbali yaikulu ya phirili inabzalidwa paini wa matabwa, ndipo m'munda wa paini mumakhala zii, pansi pali masamba ouma okhaokha. Koma mukangolowa m'nkhalango yakaleyo mudzamva kusiyana pakhungu pomwe: kumazizira, kumanunkhira chinyontho, mitengo yavala ndere ndi zomera zoyanga, mbalame zikulira mbali zonse, apusi akudumpha m'nthambi. Anthu okonda mbalame amachokera kutali kudzafuna kambalame kotchedwa white-winged apalis, kamene kamapezeka m'nkhalango zochepa kwambiri za m'mapiri a kuno kum'mwera. Kumapeto kwa chigawo chimenechi kuli mathithi a Williams, kumene madzi amatsika pa matanthwe ngati masitepe. Apa ndi pabwino kudyera kamba wanu. Kuchokera padamu kufika apa, mukuyenda mosathamanga, ndi ola limodzi ndi theka, ndipo kubwerera n'kofulumirirapo. Matanthwe onyowa a pamathithi ndi oterera kuposa mmene amaonekera, ndipo anthu ambiri amene ndinawaona atavulala m'phirili anagwa pofuna kujambulitsa chithunzi ataima pamwala wonyowa.

Ulendo umenewu, wa damu, Mandala ndi Williams n'kubwerera ku Ku Chawe, ndi wa maola atatu kapena anayi pamodzi ndi kupuma. Kwa anthu odalira minibasi amene akuyamba kumene, ndi wokwanira ndipo simudzadandaula.

Mukaona kuti 11 koloko yakupezani muli kale pa Williams ndipo nonse asanu mukadali ndi mphamvu, mukhoza kupitirira. Ndati nonse asanu dala, chifukwa gulu limayenda ndi liwiro la wotopa kwambiri, ndipo wotopayo nthawi zambiri sanena poopa kukhumudwitsa anzake. Mufunseni payekha. Njira yopitirira imadzera pa kadamu kakang'ono ka Chagwa n'kukafika kumphepete kwa phiri, kumene kuli malo awiri oonerapo dziko. Ena amatchedwa Queen's View, pokumbukira ulendo wa mayi wake wa Mfumukazi Elizabeth mu 1957, ndipo ena ndi Emperor's View, pokumbukira kubwera kwa Haile Selassie wa ku Ethiopia mu 1965. Mukaima pamenepo tauni yonse ili pansi pa mapazi anu, tauni imene inali likulu la dziko lino mpaka 1975. Patsogolo pali chigwa chachikulu, nyanja ya Chilwa ndi chilumba cha Chisi, ndipo kukakhala kowala phiri la Mulanje limaoneka lonse. Madzi a Mulunguzi amene mwawatsata m'mawa, otsala kwa anthu akumwa, amatsika kudzera m'munda wa maluwa ndi mitengo wa m'tauni, n'kukathira mu Likangala, n'kukathera mu Chilwa momwemo, nyanja yopanda potulukira imene inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mbali yake yaikulu inaphwanso mu 2018. Ndimakonda kuwaonetsa anthu zimenezi ali pamenepo, chifukwa ndi malo amene munthu amaona ndi maso ulendo wonse wa madzi, kuyambira kumene amabadwira mpaka kumene amathera. Kuzungulira konseku kuchokera ku Ku Chawe n'kubwereranso ndi maola asanu kapena asanu ndi limodzi. Mukasankha zimenezi, kutsika phiri wapansi muiwale. Itanani takisi ija.

Chingwe's Hole ndi nsonga ya Malumbe musazilowetse m'ndondomeko ya tsiku limodzi. Chingwe's Hole ndi dzenje lakuya lobisika m'mitengo kumbali ya kumadzulo, kumene munthu amaona chigwa cha Shire, ndipo akuluakulu amasimba kuti kale ankaponyamo anthu. Malumbe ndiyo nsonga yaitali kuposa zonse, mamita opitirira pang'ono 2,080. Onsewa ndi maulendo a tsiku lathunthu kuchokera pamwamba pomwepo, oyenera munthu amene wagona ku Zomba n'kulawirira.

Ndikuuzeni chimene chinandiphunzitsa kuumirira pa nkhani ya nthawi. Chaka china mu July ndinatsogolera gulu limene linafika mochedwa chifukwa minibasi yawo inachedwa kudzaza, koma linkafunabe kuona zonse. Ndinalola. Tikuchoka ku Emperor's View cha m'ma 3 koloko, chiperoni chinagwa mwadzidzidzi, nkhungu yoti munthu wa patsogolo pako sukumuona, ndi kamvula kowaza kosalekeza. Awiri anali atavala malaya opyapyala okha, ndipo mtsikana mmodzi anayamba kunjenjemera mpaka kulephera kumanga zingwe za nsapato. Tinamuveka majuzi athu, tinayenda mogwirana, ndipo tinafika pamsewu kutada. Palibe anavulala, koma anagona ku Zomba osakonzekera, ena ana ali okha kunyumba. Kuyambira pamenepo ndimagwirizana ndi gulu tisananyamuke za ola lobwerera, ndipo olalo likakwana timatembenuka pamene tili, kaya tatsala pang'ono kufika. Inu ola lanu likhale 1 koloko masana.

Za wokutsogolerani: pafupi ndi Ku Chawe pamakhala anyamata ndi abambo otsogolera alendo, ndipo ali ndi bungwe lawo. Tengani mmodzi, mugwirizane njira ndi mtengo musananyamuke. Anthu ena a konkuno amaona ngati zimenezi ndi za azungu, koma phirili lili ndi misewu yambiri ya magalimoto onyamula mitengo imene imafanana yonse, ndipo kumene adula paini posachedwa zizindikiro zimene munthu ankadalira chaka chatha zimakhala zitapita. Mapu a pa foni amathandiza, koma netiweki imasowa m'zigwa. Komanso amayi asanu m'nkhalango ndi bwino kukhala ndi munthu wodziwika kwa anthu a m'deralo. Ndalama imene mumupatse mwasonkherana asanu ndi yochepa poyerekeza ndi tsiku lotayika.

Zovala musavutike kugula zodula. Nsapato zothamangira zimene munazivalapo kale, zokhala ndi mano kunsi, n'zokwanira. Zatsopano zimatulutsa matuza, ndipo masilipasi ndi nsapato zosalala kunsi zisiyeni kunyumba. Valani buluku kapena thirakisuti, chitenje mumange pamwamba ngati mukufuna, ndipo chidzakuthandizani poyala pansi kapena kufunda. Juzi ndi chodzitetezera ku mvula zisasowe m'chikwama, ngakhale ku Limbe mwanyamuka dzuwa likuswa mtengo. Madzi munthu aliyense malita awiri. Kamba akhale wosavuta: mbatata kapena chinangwa chophika, mtedza, nthochi, mazira owiritsa, buledi. Tochi imodzi kapena ziwiri pagulu, osadalira ya pa foni yokha. Ndalama yobwerera muiike payokha, ndipo mukhale ndi ndalama zing'onozing'ono m'manja, chifukwa m'mbali mwa msewu wa pamwamba mudzapeza ogulitsa sitiroberi ndi zipatso zina za m'phiri, ndi ena ogulitsa miyala yonyezimira. Zipatsozo mukazitsuke musanadye. Anyani alipo ambiri. Musawapatse chakudya ndipo musasiye chikwama chotsegula, chifukwa anazolowera anthu ndipo saopa.

Nyengo yabwino ndi kuyambira May mpaka August. Mvula imakhala itatha, mitsinje ikadali ndi madzi, damu lili lodzaza, ndipo mlengalenga muli mbee. Vuto lake ndi chiperoni chomwe chija, choncho mukadzuka n'kuona kuti Blantyre yense wafunda nkhungu ndi kamvula, sinthani tsiku, poti pamwamba pa Zomba zidzakhala zoposa pamenepo ndipo simudzaona kanthu. Kuyambira September mpaka November kumatentha, utsi umaphimba chigwa moti Mulanje saoneka, ndipo ndi nthawi ya moto wolusa. Mukaona utsi kutsogolo kwa njira yanu bwererani, ndipo musathawire kumtunda kwa moto, chifukwa moto umakwera phiri mofulumira kuposa munthu. M'dzinja mathithi amakongola koposa, koma njira zimaterera, mphenzi zimawomba m'malo oonekera, ndipo timitsinje timadzaza m'kanthawi kochepa. Anthu a ku Zomba sanaiwale napolo wa mu December 1946, pamene mvula ya masiku angapo inagumula mbali za phiri, madzi ndi miyala n'kutsikira m'tauni. Mvula ikagwa masiku awiri kapena atatu osalekeza, phiri lisiyeni lipume.

Pali china chimene mudzachione ndi maso anu, ndipo sindikufuna chidzakudzidzimutseni. Malo ambiri amene kale anali nkhalango lero ndi zitsa ndi lupsa. Phirili linakhazikitsidwa kukhala nkhalango yotetezedwa kalekale mu 1913, koma moto wa chaka ndi chaka, kudula mitengo mopitirira kubzala, makala ndi nkhuni zalidya kwambiri. Zimandipweteka chifukwa nkhalango ndi imene imasunga madzi a damu. Pamene pali mitengo ndi udzu, mvula imalowa pansi n'kumatuluka pang'onopang'ono mu akasupe mpaka chilimwe. Pamene pali poyera, imathamanga tsiku limodzi itanyamula dothi, dothilo n'kukakhazikika pansi pa damu n'kumachepetsa malo a madzi. Mukadzapita mu October mudzaona mkombero wa dothi lofiira kuzungulira damu, kusonyeza pamene madzi anali. Amayi a nkhuni mudzakumane nawo aja musawayang'ane ngati adani a phiri. Nkhuni zimenezo zikupita kukaphikira anthu a m'tauni amene alibe njira ina, ndipo ambiri mwa ife makala timagula. Mbali yanu ngati alendo ndi yaing'ono koma ndi yeniyeni: musakoleze moto, wosuta asataye chotsalira cha fodya, zinyalala zanu mubwerere nazo, ndipo ndalama zanu zipite kwa otsogolera ndi ogulitsa zipatso, anthu amene amapeza chakudya phiri likakhala lobiriwira.

Potsika, ngati mwasankha wapansi, nyamukani ku Ku Chawe isanakwane 2 koloko. Kutsika kumapweteka mawondo ndi zala za kumapazi kuposa kukwera, choncho mangitsani zingwe za nsapato, pondani timasitepe tating'ono, ndipo ndodo imathandiza kwambiri. Amene ali ndi vuto la mawondo kapena kuthamanga kwa magazi atsike pa takisi, mukakumane ku depoti. Maminibasi a ku Limbe amapezeka mpaka madzulo, koma kukamada amachepa, amachedwa kudzaza ndipo mtengo umatha kukwera, komanso mukafika ku Limbe mukufunikabe ina ya ku Bangwe. Mukakwera ya m'ma 4 koloko mudzalowa m'nyumba cha m'ma 7. Musananyamuke m'mawa, uzani munthu wina kunyumba njira imene mukayende ndi ola limene mukuyembekeza kubwera, ndipo mumupatse nambala ya mnzanu mmodzi wa pagulupo.